Piaget, Vygotsky kapena Skinner: mphunzitsi wa kalasi yodzaza atsamire pa ndani?

Wophunzira aliyense wa zauphunzitsi, kaya ali pa yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga kaya ali ku koleji ya aphunzitsi a pulayimale monga ya ku Karonga, amakumana ndi phunziro la kakulidwe ndi kaganizidwe ka ana, ndipo chizolowezi chimene chilipo n'choliona phunziroli ngati mndandanda wa mayina achilendo oyenera kuloweza mayeso asanafike. Munthu amasunga m'mutu kuti Piaget anali ndi magawo anayi a kakulidwe ka mwana, Erikson asanu ndi atatu, ndipo akangotuluka m'chipinda cha mayeso zonse zimauluka. Kwa ine kumeneku n'kutaya chuma, chifukwa akatswiriwa sankatsutsana pachabe. Aliyense wa iwo amamuuza mphunzitsi chochita china pamene mwana walephera, ndipo mphunzitsi amene sanakhale pansi kusankha womutsatira amangobwereza momwe iye mwini anaphunzitsidwira ali mwana, zabwino ndi zoipa zomwe.

Kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo, ndi bwino onsewo tiwapatse vuto limodzi, ndiponso tiwaike m'kalasi imene tidzaipezedi tikadzapita ku TP, nthawi yokayeserera kuphunzitsa m'sukulu. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kalasi ya ana ochuluka ndi mphunzitsi mmodzi yakhala chinthu chozolowereka, ndipo m'madera odzaza anthu a mzinda uno wa Mzuzu ana a makalasi oyambirira amakhala mothithikana. Tiyerekeze tsono kuti mtsikana wa Sitandade 3 m'kalasi yotereyi wapatsidwa samu ya 52 kuchotsera 27, ndipo walemba 35 m'malo mwa 25. Nambalayo sanaiganizire mwachisawawa. Waona kuti 2 ndi wochepa kuposa 7, watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, wapeza 5, kenako wachotsa 2 pa 5, wapeza 3. Funso ndi lakuti mphunzitsi achite chiyani naye mawa m'mawa.

Ndiyambe ndi B. F. Skinner wa ku America, amene anabadwa mu 1904 n'kumwalira mu 1990, chifukwa ngakhale aphunzitsi amene sanamvepo dzina lake amagwiritsa ntchito zina mwa mfundo zake tsiku ndi tsiku. Iye ankayesa makoswe ndi nkhunda m'timabokosi, ndipo anaonetsa kuti khalidwe limene latsatidwa ndi chinthu chokoma limabwerezedwa, pamene khalidwe limene silibweretsa kanthu limazilala pang'onopang'ono. Zochitika m'mutu mwa wophunzira sankaziika patsogolo, poti sizioneka ndipo n'zovuta kuziyeza. Wotsatira Skinner angaidule samu ija m'timasitepe ting'onoting'ono, amuonetse mtsikanayo kubwereka, amupatse masamu ofanana ambiri, ndipo pa sitepe iliyonse imene wakhoza amuyamikire nthawi yomweyo osadikira mawa. Kuwomba m'manja kwa kalasi yonse, kanyimbo koyamikira wokhoza, ndi kuchonga kope mwana ali pomwepo, zonsezi zikugwirizana ndi zimene iye ankaphunzitsa.

Njirayi ili ndi mphamvu imene sindingaikane. Kalasi yaikulu siyendetseka popanda zizolowezi zokhazikika, monga kulowa pamzere, kugawana mabuku mwachangu ndi kukhala chete mphunzitsi akakweza dzanja, ndipo zizolowezi zotere zimamera msanga pamene mphunzitsi amayamikira wochita bwino kusiyana ndi pamene amangokalipira wolakwa. Maliwu a malembo ndi matebulo a kuchulukitsa nazonso zimafuna kubwereza. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Skinner mwiniwake ankatsutsa chilango monga njira yophunzitsira, ponena kuti chimangopondereza khalidwe kwa kanthawi, sichimuonetsa mwana choyenera kuchita, ndipo chimamuchititsa kuopa ndi kuthawa womulangayo. Amene amateteza chikwapu ndi chibalo asabisale kumbuyo kwa dzina lake. Kufooka kwa njirayi kumaonekera pa samu yomweyo: mtsikana uja akhoza kuphunzira kufufuta 5 n'kulemba 4, kuika 1 pambali pa 2, n'kumakhoza sabata yonse osadziwa chimene akubwerekacho, ndipo tsiku limene adzapatsidwe 502 kuchotsera 27 adzasowa pogwira. Palinso kafukufuku wa Lepper, Greene ndi Nisbett wa mu 1973, amene anapeza kuti ana okonda kujambula atalonjezedwa mphoto chifukwa chojambula, pambuyo pake ankajambula mochepa mphotoyo itachoka. Choncho mphoto iyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala pa zinthu zimene mwana amazikonda kale.

Jean Piaget wa ku Switzerland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1896 mpaka 1980, akanayamba ndi kuchita chidwi ndi 35 ameneyo. Ali wachinyamata anagwirapo ntchito ku Paris yoyesa nzeru za ana, ndipo chimene chinamukopa kwambiri chinali mayankho olakwa, poona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwitsa mofanana. Anatsimikiza kuti mwana ali ndi kaganizidwe kakekake kamene kamasintha akamakula, ndiponso kuti mwana amamanga yekha nzeru zake pogwira ndi poyesa zinthu. Malinga ndi iye, kuyambira kubadwa mpaka zaka 2 mwana amalidziwa dziko poligwira, polilawa ndi poliona. Kuyambira zaka 2 mpaka 7 amayankhula ndi kusewera masanje koma amanyengedwa ndi maonekedwe a zinthu. Kuyambira 7 mpaka 11 amatha kuganiza mwadongosolo pa zinthu zogwirika. Ndipo kuyambira 11 kapena 12 amayamba kutha kusinkhasinkha za zinthu zosaoneka ndi zongoyerekeza. Kuyesa kwake kodziwika kwambiri ndi kwa madzi. Mwana amavomereza kuti matambula awiri ofanana ali ndi madzi ofanana, koma madzi a tambula imodzi akathiridwa m'tambula yaitali yowonda iye akuona, mwana wa zaka 4 kapena 5 amanena kuti tsopano madzi achuluka, pamene wa zaka 8 amayankha kuti ndi omwewo poti palibe amene wawonjezera.

Kwa mtsikana wathu, wotsatira Piaget anganene kuti vuto lili pa 52 weniweniyo, kuti mwanayo akuona manambala awiri oimirira paokha, 5 ndi 2, ndipo sakuona makumi asanu ndi ziwiri. Mankhwala ake ndi kuika choko pansi n'kumupatsa mitolo isanu ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiwiri tapadera, kenako n'kumuuza kuti achotsepo 27. Adzafika pamene timitengo tiwirito sitikukwana, ndipo dzanja lake lidzamasula mtolo umodzi popanda womuuza. Kubwereka ndi kumeneko, ndipo amene wakuchita ndi manja sakuiwala msanga. Apa Piaget amatikomera kwambiri ife a kuno, chifukwa zipangizo zake sizifuna ndalama: zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga, timiyala ndi timitengo, zomwe m'makoleji timaziphunzira pansi pa dzina la TALULAR (kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera), zimapezeka paliponse kuyambira ku Zolozolo mpaka ku Mchengautuwa. Ndikukhulupirira kuti mphatso yake yaikulu kwa mphunzitsi ndi funso lakuti “wapeza bwanji?”, lofunsidwa mwaulemu mwana asanauzidwe kuti walakwa.

Komabe Piaget ali ndi mbali imene imatha kuwononga ikamvedwa mwaulesi. Popeza iye ankati kukula kumatsogola ndipo kuphunzira kumatsatira, mphunzitsi akhoza kunena kuti mwanayo sanakhwime, n'kumusiya kuti adikire, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka kudikira koteroko kumathera pa kubwereza kalasi kapena kusiya sukulu. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsanso kuti Piaget ankapeputsa zimene ana aang'ono angathe. Mu 1974 James McGarrigle ndi Margaret Donaldson anabwereza kuyesa kwina kwa Piaget, kwa mizere iwiri yokhala ndi tinthu tofanana chiwerengero, koma m'malo moti wamkulu atambasule mzere umodzi mwadala, anachititsa kuti chidole chosokoneza chiwusokoneze ngati mwangozi, ndipo ana ambiri aang'ono anayankha molondola kuti chiwerengero sichinasinthe. Zinaoneka kuti ena ankalakwa chifukwa choganiza kuti wamkulu akafunsa funso lomwelo kachiwiri ndiye kuti akufuna yankho lina, ndipo aliyense amene anakulira kwathu kuno, kumene mwana saphunzitsidwa kutsutsa wamkulu, akhoza kuona momwe zimenezi zingakulire m'kalasi mwathu. Pierre Dasen, amene anayesa ana m'mayiko osiyanasiyana kuphatikizapo Côte d'Ivoire, anapeza kuti msinkhu umene ana amafikira magawowa umasiyana potengera zimene amachita tsiku ndi tsiku kwawo. Ndipo m'Sitandade 3 imodzi momwe muli ana a zaka 8 pamodzi ndi a zaka 12, zaka zokha sizingamuuze mphunzitsi poyambira.

Lev Vygotsky wa ku Russia anabadwa chaka chimodzi ndi Piaget, mu 1896, koma anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo zolemba zake zinachedwa kudziwika kunja kwa dziko lake mpaka zitayamba kumasuliridwa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1960. Iye anaitembenuza mfundo ya Piaget, nati kuphunzitsa kwabwino kumatsogola ndipo kumakoka kukula. Ankati luso lililonse la kaganizidwe limaoneka kawiri, koyamba pakati pa mwana ndi munthu wina, kenako m'kati mwa mwanayo. Pachifukwachi, chofunika kuchidziwa ndi mpata umene uli pakati pa zimene mwana angathe payekha ndi zimene angathe atathandizidwa ndi wodziwa kumuposa, mpata umene m'makoleji timautchula mwachidule kuti ZPD. Ana awiri amene onse alemba 35 akhoza kukhala osiyana kutali: mmodzi akangofunsidwa kuti “kodi 52 ukachotsapo 27, zotsala zingapose 30?” amadzikonza yekha, pamene winayo amafuna mitolo ija ndi masiku angapo. Mayeso olemba amawapatsa onse ziro, koma Vygotsky amati mphunzitsi ayese ndi thandizo limene aliyense akufuna. Mu 1976 David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross anayerekeza thandizo lotere ndi nsanja imene amisiri amakwerapo pomanga nyumba, imene imachotsedwa khoma likaima. Kuchotsako n'kofunika ngati kuikako, chifukwa mphunzitsi amene amathandiza mpaka kalekale akulera mwana wodalira.

Chimene chimandikokera kwa Vygotsky n'chakuti wodziwa kuposa mwanayo sayenera kukhala mphunzitsi yekha. Akhoza kukhala mnzake wokhala naye pambali, ndipo m'kalasi imene mphunzitsi sangafike pa kope lililonse, imeneyi ndi njira yokhayo yochulukitsira manja. Ndi momwenso ana athu amaphunzirira kale asanalowe pachipata cha sukulu. Mtsikana amaphunzira kubereka mwana, kusinja ndi kuyatsa mbaula pochita pamodzi ndi mkulu wake, kuyambira pa zing'onozing'ono. Mnyamata amaphunzira kupinda galimoto yamawaya ndi kusewera bawo poonerera, kenako pogwirizira, kenako payekha. Mwana amene amathandiza mayi ake kugulitsa tomato pamsika wa Chibavi amabweza chenje molondola powerenga chokwera kuchoka pa mtengo kufika pa ndalama imene walandira, ndipo n'kutheka kuti ndi mwana yemweyo amene m'kope akulemba 35. Mphunzitsi wotsatira Vygotsky amayambira pa luso la pamsikalo n'kulilumikiza ndi la m'kope.

Apa pali umboni wochokera pafupi ndi kwathu umene ndikulakalaka ukanamaphunzitsidwa mofanana ndi magawo a Piaget. Robert Serpell, amene pambuyo pake anadzatsogolera University of Zambia, anafufuza pakati pa Achewa a m'boma la Katete kum'mawa kwa Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo anapeza kuti akuluakulu a m'midzi poyesa nzeru za mwana sankayang'ana kuchenjera kokha, ankayang'ananso ngati mwanayo ndi wotumika, womvera ndi wodalirika pa ntchito yothandiza ena. M'kafukufuku wina wofalitsidwa mu 1979 anapempha ana a ku Zambia ndi a ku England kuti atengere zithunzi zofanana pogwiritsa ntchito zipangizo zosiyana. A ku Zambia anapambana pamene ankapinda waya, a ku England anapambana pamene ankajambula ndi pensulo papepala, ndipo poumba onse anafanana. Tanthauzo lake kwa ife ndi lalikulu, chifukwa zikuonetsa kuti mayeso amayesanso kuzolowera kwa mwana chipangizo chimene wapatsidwa. A. Bame Nsamenang wa ku Cameroon nayenso analemba kuti m'madera ambiri a mu Africa kukula kwa mwana kumaonedwa potengera udindo umene angathe kuusenza. Kupatsa mwana wodziwa udindo wothandiza mnzake si chinthu chobwera ndi mabuku, ndi chinthu chimene makolo ake amachiyembekezera kale kwa iye.

Ndikhala wosachita chilungamo ndikapanda kunena kuti njira ya Vygotsky ndiyo yovuta kuichita bwino mwa zitatuzi. Iye anamwalira asanasiye ndondomeko ya m'kalasi, ndipo zimene ambiri amazitcha ntchito ya m'magulu n'kungounjika ana khumi pa pepala limodzi, mmodzi akulemba, ena akuyang'ana pawindo. Gulu lotero silithandiza aliyense, ngakhale limaoneka bwino pa pulani ya phunziro. Kuti zitheke, ana akhale awiriawiri kapena atatu, wodziwayo aphunzitsidwe kufunsa ndi kuonetsa m'malo mopereka yankho, wothandizidwayo ndiye agwire pensulo, ndipo magulu azisinthidwa kuti pasakhale mwana amene chaka chonse amadziwika monga wothandizidwa. Zonsezi zimadya nthawi yokonzekera, ndipo phokoso limakula.

Akatswiri ena awiri ndimawaona ngati owonjezera pa atatuwa. Albert Bandura, ndi kuyesa kwake kwa mu 1961 kumene ana ankaonerera wamkulu akumenya chidole chotchedwa Bobo, anaonetsa kuti ana amatengera zimene aona wamkulu akuchita ngakhale popanda mphoto, kotero mphunzitsi amene amanyoza wolakwa akuphunzitsa kalasi yonse kunyoza. Anaonetsanso kuti chikhulupiriro cha munthu chakuti angathe chimamangidwa koposa ndi kukhoza kwenikweni, kuposa mawu olimbikitsa, ndiye mtsikana uja ayenera kupatsidwa samu imene angaikhoze lero lomwe. Erik Erikson ankati pa msinkhu wa pulayimale mwana amakhala akulimbana pakati pa kudziona waluso ndi kudziona wachabechabe, ndipo zimenezi n'zokwanira kutichenjeza za mwambo wolengeza omaliza pamaso pa anzawo.

Pali zinanso zimene palibe njira ya kaphunzitsidwe ingazithetse yokha, ndipo Urie Bronfenbrenner, amene mu 1979 anafotokoza mwana monga wokulira m'kati mwa banja, sukulu, dera ndi malamulo a dziko zimene zimakhudzana, amatikumbutsa zimenezo. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka 5 anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumakhudza kakulidwe ka ubongo mwana asanaone n'komwe bolodi. Mwana amene wafika wopanda kanthu m'mimba m'kuzizira kwa mwezi wa June kuno ku Mzuzu samva za makumi ndi mitolo mpaka atamwa phala. Mfundoyi simuuza mphunzitsi kaphunzitsidwe ka kuchotsera, koma imamuletsa kuweruza msanga kuti mwana ndi wopanda nzeru, ndipo imamutuma kukayankhula ndi makolo ndi komiti ya sukulu.

Ine ndikanati ndisankhe, maziko ndikanaika pa Vygotsky, chifukwa ndiye yekha amene amaona kuchuluka kwa ana monga chinthu chimene chingagwiritsidwe ntchito, ndiponso salola mphunzitsi kudikira. Kwa Piaget ndikanatenga dongosolo loyambira pa zogwirika kupita ku zolembedwa, pamodzi ndi ulemu wake pa yankho lolakwa, koma zaka za magawo ake sindikanazitenga ngati lamulo. Skinner ndikanamusungira zizolowezi za m'kalasi ndi zinthu zofunika kubwereza zikamveka kale. Wopita kukaphunzitsa kusekondale asaganize kuti zimenezi sizimukhudza, poti ophunzira ambiri a Fomu 1 amafunabe chogwirika asanamve za x ndi y, ndipo ngakhale akuluakulu saganiza mozama mofanana pa nkhani iliyonse.

Kusankha Vygotsky kuli ndi zotsatira zimene kuno kumpoto sitingazizembe, ndipo zikukhudza chiyankhulo. Iye ankati kuyankhula ndi chipangizo chachikulu cha kuganiza, ndipo mwana amene timamumva akudziyankhulira yekha pamene akulimbana ndi ntchito yovuta akudzitsogolera ndi mawu amene pambuyo pake adzalowa m'kati n'kukhala maganizo. Mu Mzuzu ana ambiri amadziyankhulira m'Chitumbuka, ena m'Chitonga, ena m'Chichewa, pamene mabuku awo owerenga ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mu 1996 boma linalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi monga chiyankhulo chophunzitsira. Mphunzitsi sangasinthe lamulo kapena mabuku, ndipo ali ndi udindo wowafikitsa ana pa Chingerezi chimene adzalembere mayeso a Sitandade 8. Chimene chili m'manja mwake ndi mphindi zimene ana awiri akuthandizana pa mitolo ija. Akawaletsa kuyankhula chiyankhulo cha kwawo pa nthawi imeneyo, wachotsa thandizo lenilenilo limene anawaikira pamodzi kuti apatsane. Ndi bwino awalole afotokozerane m'chiyankhulo chimene akuganiziramo, kenako awapemphe kuti anene zomwezo pamaso pa kalasi m'chiyankhulo cha phunzirolo, iye akuwapatsa mawu amene akuwasowa. Kwa ife olankhula Chichewa amene tidzaphunzitse kuno, zimenezi zikutanthauzanso kuphunzira Chitumbuka chokwanira kumva zimene ana awiriwo akuuzana, chifukwa popanda kutero sitingadziwe ngati akuthandizanadi kapena wina akungopatsira mnzake yankho.